Mphamba ndi Mbendera Yachikasu

Tsiku limene ndinawaona alamu anga akuthamanga koyamba chisiyireni mpira, tinali titakhala pansi pa mtengo kumapeto kwa mpanda wa nyumba yawo, tikumwa tiyi. Kutsidya kwa msewu kuli sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo anyamata a pa lole ankatsitsa matumba a simenti. Thumba limodzi linawapulumuka n'kugwa pansi kuti phu.

Alamu sanaiponye kapu. Anangotsegula dzanja. Pamene kapuyo inkasweka, iwo anali atanyamuka kale, akulunjika kugeti chowerama pang'ono, phewa limodzi lili patsogolo. Ameneyu ndi munthu amene m'mawa womwewo ndinali nditamuthandiza kumanga mabatani a malaya.

Nyumbayo inamangidwa chammbali, moti munthu akamapita kugeti khonde limakhala kumanzere kwake. Pakhondepo ndi pamene mwana wawo wamkazi, amene tonse timamutchula kuti Mzime, amasokera zovala za anthu. Alamu atatsala pang'ono kufika pageti anatembenuza khosi n'kuyang'ana kukhondeko, kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso. Kenako analowa mumsewu.

Minibasi inakuwa ndi mabuleki. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, ngati mwatopa ndi moyo kafereni kwanu! Ife tili pantchito!"

Dalaivala anawayang'anitsitsa, n'kumugwira mnzakeyo paphewa.

"Iwe, si a Mbendera awa? Ndi iwowo! A Mbendera, nanga lero bwanji simunaime?"

Anthu a m'minibasimo anaseka. Ine ndinawapeza alamu ataima pakati pa msewu, akuyang'ana pansi kutsogolo kwa phazi lawo, ngati munthu amene wagwetsa kiyi.

"Uli kuti?" anandifunsa.

"Chiyani, alamu?"

"Mpira. Manzere waponya. Ndamva."

Manzere anali mnzawo wa m'timu. Anamwalira kalekale, ana a alamu akadali pasukulu.

Titawabweza pampando wawo, Mzime anagwada n'kuyamba kuwayang'ana kumapazi, chifukwa masilipasi anali atatsala panjira. Ankayankhula osandiyang'ana.

"Si koyamba, ankolo. Sindimafuna kukuuzani. Chitseko cha galimoto chikatsekedwa mwamphamvu, amanyamuka. Mayi wa nyumba iyo akamakuntha matiresi, amanyamuka. Ndinayesa kukhoma geti. Anakwera mpanda. Bala lija pamwendo, ndinakunamizani kuti anagwa kubafa."

"Achimwene ako akudziwa?"

"Akudziwa. Apeza kale malo, nyumba ina yosamalira okalamba, ya mpanda wautali. Anati adadi akadzathamanganso abwera ndi galimoto."

"Ndiye uwauza za lero?"

"Dalaivala uja pakamwa pake mwapamva. Likamalowa dzuwa akhala atamva kale." Anawaveka bambo ake silipasi imodzi. "Adadi sadziwa kuti tili m'chaka chanji. Koma amadziwa pamene pamakhala kapu yawo. Amadziwa mpando uwu, amadziwa kuti chimbudzi chili kumanja. Mukawachotsa pano, chotsala n'chiyani?"

Malemu mkazi wanga anali mlongo wa alamu anga. Iye atamwalira nyumba yanga inandikulira, ndiye ndinayamba kupita kwa alamu m'mawa uliwonse. Nawonso anali atataya mayi wa ana awo. Tinkakhala pansi pa mtengo uja osayankhulana zambiri, ndipo zinkatikwanira. Akanati achoke, sindikudziwa kumene ndikanamapita. Koma limenelo silinali funso la Mzime.

Ine si munthu wa mpira. Ndinayamba kupita kubwalo lamasewero chifukwa ndinkafunsira mlongo wa wosewera, ndipo njira ina panalibe. Nthawi imeneyo alamu sankatchedwa Mbendera. Ochemerera ankawatchula kuti Mphamba, chifukwa mbalame imeneyo umaiona mwanapiye atapita kale. Ankavala nambala naini, ntchito yawo inali kumwetsa zigoli basi.

Poyamba sindinkamvetsa chimene anthu ankawakondera. Njomba analibe. Masewero ambiri ankangoyendayenda pambali pa difenda womaliza wa timu inayo, ngati munthu wodikira basi, osayang'ana n'komwe kumene kuli mpira. Kenako mwadzidzidzi unkangowaona ali okhaokha ndi goloboyi, ndipo ukonde unkagwedezeka.

Anandifotokozera tsiku lina patebulo, pogwiritsa ntchito masipuni ndi botolo la mchere.

"Inu alamu, poti ndinu ophunzira, mumva. Botolo ili ndi difenda. Sipuni iyi ndi ine. Lamulo likuti pamene mnzanga akumenya mpira, ndisakhale nditalipitirira botololi. Ndikapitirira ndi ofusayidi, lainzimani akweza mbendera. Ndiye maso anga ndimampatsa difenda, ndimayang'ana zidendene zake. Makutu ndimampatsa Manzere."

"Makutu?"

"Mpira wa Manzere umalira mosiyana. Akamapatsira wina wapafupi umati tha. Akamaponyera ine umati phu, chifukwa amaumenya cha m'munsi ndi mwendo wake wamanzere uja. Ukadikira kuti uuone, wachedwa. Ukanyamuka usanalire, wagwidwa. Umanyamuka pa kulirapo."

"Nanga phokoso la anthu?"

"Mayi amamva kulira kwa mwana wake mumsika," anatero, n'kuseka.

Anali ndi chizolowezi china. Akangonyamuka ankaba diso kwa lainzimani, ndipo mbendera ikakwera ankaima pomwepo, manja m'chiuno. Kochi ankawakalipira masewero alionse.

"Mphamba! Woimitsa mpira ndi wezulo, osati nsanza!"

"Ndithamangirenji ulere, abwana? Miyendoyi si yaboma."

Zaka zambiri chizolowezicho sichinawapweteke. Anamwetsa zigoli kuposa aliyense mu ligi kangapo. Anakasewerako kunja, koma anabwerako msanga. Atolankhani analemba kuti kunali kozizira. Ine anandiuza kuti kumeneko kunalibe munthu amene mpira wake unkalira zomveka.

Kenako kunabwera ndime yomaliza ya chikho, chikho chokhacho chimene timu yawo inali isanatengepo. Ine ndi mkazi wanga tinalipo. Masewero anali atatsala pang'ono kutha popanda wogoletsa. Manzere analanda mpira pakati pa bwalo, sanadzutse n'komwe mutu, anangoumenya. Anthu amene amadziwa mpira amanena mpaka lero kuti sanaonenso mpira woponyedwa bwino chotero. Unadutsa pamwamba pa madifenda n'kutera mofatsa kutsogolo kwa alamu, amene anali atawasiya kale onse kumbuyo. Kunatsala goloboyi yekha, nayenso atazizira miyendo.

Alamu anayang'ana kumanzere. Anaima, manja m'chiuno.

Mpira unagubuduka wokha pang'onopang'ono. Goloboyi anautola ngati dzira, iyenso akuyang'ana uku ndi uku. Wezulo sinalire. Lainzimani anali akuthamangabe, mbendera yake ili pansi. Kumbuyo kwake, kuseri kwa waya, bambo wina wogulitsa zakumwa anali atakweza kansalu kachikasu kopukutira mabotolo, akuitana mnzake kuti amubweretsere zina. Goloboyi uja anaumenya mpirawo kutsogolo, ndipo timu yake inagoletsa anthu athu akadali kukamwa yasa.

Manzere sanakalipe. Ndinamuona akugwada pakati pa bwalo n'kuyamba kumanga zingwe za jombo zake, zimene zinali zomanga kale. Alamu anauza mlongo wawo patapita nthawi kuti m'chipinda chovalira Manzere ananena mawu awiri okha: "Unali bwino." Chaka chotsatira anapita ku timu ina, ndipo matenda anamutenga awiriwo asanakhale pansi.

Dzina la Mphamba linathera pamenepo. Ochemerera a matimu ena ankabwera kubwalo ndi mipango yachikasu. Alamu anasewerabe zaka zingapo, n'kumagoletsabe, koma palibe amene amakumbukira zigoli zimenezo. Anayesetsa kuleka kuyang'ana kumbali, koma khosi linkatembenuka lokha. Bondo litawakana anasiya mpira, n'kuyamba ntchito mu sitolo ya matayala, ndipo kubwalo sanapondekonso. M'nyumba mwawo simunkapezeka chinthu chachikasu, ngakhale sopo. Mzime ankanyozedwa kusukulu kuti mwana wa Mbendera. Atayamba kusoka, nsalu zachikasu za makasitomala ankaziika pansi penipeni pa dengu.

Alamu atayamba kuiwalaiwala, dokotala anati mwina n'chifukwa cha mipira yolemera imene ankamenya ndi mutu, makamaka ikanyowa ndi mvula. Anati mwina. Sanathe kutsimikiza.

Mwana wawo woyamba, amene timamutchula kuti Chisamba, amagwira ntchito mumzinda wina. Anaimba foni madzulo a tsiku la minibasi lija n'kunena kuti abwera Loweruka. Anapempha kuti ine ndi Mzime tikawaone malowo, kuti tisamangowadana nawo tisanawaone. Tinawasiya alamu ndi mayi woyandikana nawo nyumba uja, n'kupita.

Malowo anali aukhondo, sindinganame. Pansi pankanyezimira, ponseponse pankamveka fungo la mankhwala okolopera. Mabedi anali ndi zitsulo m'mbali. M'chipinda chochezera munali wailesi yakanema yopanda mawu, ndipo okalamba angapo ankaiyang'ana, manja ali pamaondo. Gogo wina wamkazi anandigwira jekete n'kundifunsa ngati ndine amene ndabwera kudzamutenga. Mayi woyang'anira malowo anali waulemu. Mzime atamufunsa kuti amatani ndi anthu othamanga, anayankha kuti geti ndi lachitsulo, ndipo pali mankhwala oti munthu azikhala wodekha.

Zitseko za m'nyumbamo zinali zodzitsekera zokha. Namwino aliyense akadutsa, chitseko chinkabwerera n'kutseka kuti phu.

Titatuluka, Mzime anaima pansi pa chikwangwani cha basi.

"Mwazimva zitseko zake, ankolo?"

"Ndazimva."

"Azikathamangira khoma tsiku lonse. Mpaka awapatse mankhwala aja."

Panali chinthu chimene chinkandizungulira m'mutu chiyambire tsiku la minibasi. Ndinadikira kuti basi imodzi idutse ndisanachinene.

"Bambo ako akamathamanga, asanafike pageti, amayang'ana kukhonde kwako."

"Amandiyang'ana ine?"

"Sindikukhulupirira kuti ndi iwe. Amayang'ana lainzimani."

Anamva msanga, chifukwa ndi mwana wanzeru. Nkhope yake inasintha.

"Ankolo, mukuti chiyani?"

"Sindikuti uchite. Ndikungonena zimene ndaona. Wezulo ankainyoza, kochi ankamunyoza. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkawaimitsa bambo ako."

"Mukufuna ndikhale wogulitsa zakumwa uja? Ine? Mukudziwa kuti anzanga ankandikupizira mipango pamaso mpaka ndinasiya kupita kusukulu sabata yonse? Azakhali akanakhala moyo mukananena zimenezi pamaso pawo?"

"Ayi," ndinatero. Zinali zoona.

Tinakwera basi n'kubwerera kunyumba.

Loweruka Chisamba anafika m'mawa. Anatsegula geti mbali zonse ziwiri n'kulowetsa galimoto chammbuyo kuti kukweza katundu kusavute. Ndi munthu wabwino, wofanana nkhope ndi bambo ake, ndipo zinkaoneka kuti sanagone bwino. Anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Ankolo, musandione ngati woipa."

"Palibe amene akukuona choncho."

"Uyu akundiona choncho," anatero, akuloza mlongo wake ndi chibwano.

Mzime anali pamakina ake ngati tsiku lina lililonse. Ankasoka madiresi a ana a sukulu ya mkaka. Sanadzutse mutu.

"Chikwama chili pabedi, achimwene. Ndalongedza. Mankhwala a bondo ali m'thumba lam'mbali. Tiyi samwa wotentha kwambiri, mukawauze."

"Ukulankhula ngati ndikukawataya kutchire."

"Ine ndatchula tchire?"

"Ukufuna ndidzalandire foni yoti adadi ali pansi pa lole? Iweyo udzandiuza chiyani tsiku limenelo?"

Makina anapitiriza kulira. Ndinaona kuti pambali pa makinawo, pamwamba pa nsalu zina zonse, panali chidutswa cha nsalu yachikasu.

Alamu tinawaveka jekete yawo yabwino. Anasangalala nayo. Ataona galimoto ndi chikwama, maso awo anawala.

"Tikusewera kuti lero?"

Chisamba ndiye anayankha. "Koyenda, adadi."

"Jombo mwatenga?"

"Tatenga."

"Manzere akwerera kuti?"

"Tim'peza kutsogolo."

Anakhala pampando wawo pansi pa mtengo, msana uli chilili, kudikira kuti aitanidwe. Chisamba anatulutsa chikwama, anachiika kumbuyo kwa galimoto, n'kumenyetsa chitseko cha buti.

Phu.

Ine ndinali pafupi nawo, koma dzanja langa linagwira mphepo. Anadutsa pakati pa galimoto ndi khonde. Chisamba anakuwa, "Adadi!" koma anali mbali inayo ya galimoto. Geti linali pululu. Kumtunda kwa msewu kunkatsika lole ya mchenga, ndipo ndinaimva ikusintha giya.

Mzime sanakuwe. Anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo kwake, ndipo anakweza dzanja lamanja mowongoka, nsalu yachikasu ili m'mwamba.

Khosi la alamu linatembenuka.

Anaima. Zala za kumapazi zinali pa mzere wa geti. Lole inadutsa, mphepo yake n'kukupiza jekete ija, fumbi n'kutikuta tonse. Fumbilo litachepa ndinawaona ali chiimire, manja m'chiuno.

Anatembenuka n'kuyenda molunjika kukhonde. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionenso chichokereni kubwalo lamasewero.

"Waona chiyani iwe?" anamufunsa mwana wawo. "Ndikufunsa iwe! Maso ako ali kumsana? Difenda ali apo, ine ndili apa, iwe wakweza chiyani? Akugula eti? Ndinali bwino! Bwalo lonse laona kuti ndinali bwino!"

Dzanja la Mzime linali likadali m'mwamba.

"Ofusayidi, nambala naini. Bwererani."

Alamu analavula pansi pafupi ndi mapazi ake. Kenako anabwerera pansi pa mtengo chodzikoka, akupukusa mutu, n'kukhala pampando wawo.

Chisamba anali atakhala pansi, atatsamira tayala la galimoto. Patapita kanthawi anadzuka n'kusasa thalauza.

"Ndani anakuuza zimenezi?"

"Palibe," anatero Mzime.

"Mawa akapanda kuima?"

"Aima. Anaima chikho chili patsogolo pawo, alekerenji kuima lero?"

"Ndiye ukufuna kukhala ndi nsanza m'manja moyo wako wonse?"

"Moyo wawo wonse, achimwene. Wanga ndi nkhani ina."

"Wamva mmene akutukwanira?"

"Ndili ndi makutu."

"Ukalowa kubafa? Ukapita kumsika?"

"Ankolo alipo."

Palibe amene anandifunsa. Chisamba anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kapu imene inali m'manja mwanga. Anaima nthawi yaitali, kiyi wa galimoto akumutembenuza m'zala. Kenako anatsegula buti, anatulutsa chikwama chija, n'kutseka chitsekocho pang'onopang'ono ndi manja awiri, mpaka chinangoti kwe.

"Akadzangopitirira mzere uwo, ndikubwera, ndipo sitidzakambirananso," anatero.

"Ndamva."

Alamu anakuwa kuchokera pansi pa mtengo. "Kodi tikunyamuka kapena ayi?"

"Masewero alephereka, adadi," anayankha Chisamba. "Bwalo lanyowa."

Madzulo a tsiku lomwelo Mzime anaipinda nsalu ija m'mbali n'kuisoka bwinobwino, anadula mtengo wa tsache lakale, n'kupanga mbendera yeniyeni. Makina ake anawasunthira kumapeto kwa khonde, moyang'anizana ndi geti. Makasitomala anazolowera. Amatha kukhala akuyezedwa m'chiuno, telala n'kuwasiya tepi ili lende, kukweza mbendera, kulandira chitonzo chake, n'kubwerera kudzafunsa kuti, "Tinati siketi ifike pati?"

Alamu akadali m'nyumba mwawo. Kapu yawo yatsopano ili pamalo pake. Sanapitirirepo mzere wa geti.

Koma mbendera ikakwera, samuzindikira Mzime kwa maola angapo. Amakhala chomufulatira, n'kumandinong'oneza kuti lainzimani ameneyu ndi wogulidwa, ndipo akudabwa kuti akuluakulu a mpira akumusiyiranji. Dzuwa likapendeka mkwiyo umatha. Mzime akawabweretsera tiyi ndi buledi, amamugwira dzanja.

"Mwana wanga, kubwaloko kuli mayi wina wake, sindikudziwa chimene ndinamulakwira."

"Musiyeni, adadi. Ndi ntchito yake."

"Ntchito yanji yopweteka anthu?"

"Imwani tiyi asanazizire."

Lamlungu lina masana Mzime anapita kukapereka diresi la ukwati kwa mwini wake. Anandisiyira mbendera, n'kundikhazika pampando wake wa pakhonde. Aka kanali koyamba kuti ndiigwire. Ndi yopepuka kuposa mmene imaonekera.

Sitolo ya kutsidya inali yotseka. Mumsewu munali zii. Alamu anali pansi pa mtengo, ndipo tsiku limenelo mutu wawo unali bwino, monga zimachitikira mwa apo ndi apo. Anali atanditchula kuti alamu kuyambira m'mawa, ndipo anafunsa za mlongo wawo monga munthu wodziwa kuti anapita. Anayang'ana chimene chinali pamiyendo panga.

"Lero akupatsani inu?"

"Andipatsa ine."

"Inu munalipo tsiku lija, alamu."

"Ndinalipo."

"Munakhala mbali iti?"

"Mbali ya lainzimani, chakumtunda."

"Ndiye munaona bwino. Ndinali bwino?"

"Munali bwino."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Inu ndinu munthu wophunzira, simungagulidwe. Mukaona kuti ndili bwino, musakweze. Manzere watopa n'kuponya."

Anatsamira mpando n'kutseka maso, ndipo ndinaganiza kuti agona. Mphepo inali italeka. Ndinkamva ntchentche ikugunda galasi la windo kumbuyo kwanga.

Kenako kunamveka phu.

Sindikudziwa kumene kunachokera. Kunalibe lole, kunalibe wokuntha matiresi. Thumba la simenti ndimalidziwa kulira kwake tsopano, chitseko cha galimoto ndimachidziwanso. Uku kunali kulira kwina, kumene ndinakumvapo kambirimbiri ndili pa benchi ya simenti, mkazi wanga atandigwira mkono. Mwina ndi makutu a ukalamba. Sindilimbikira.

Alamu ananyamuka. Sindinawaonepo akuthamanga bwino chotero chisiyireni mpira. Bondo lija silinkaoneka n'komwe. Ndili pakhondepo ndinkauona msewu wonse, kumtunda mpaka pamphambano, kumunsi mpaka pa mlatho. Munalibe galimoto, munalibe njinga, munalibe ngakhale galu.

Khosi lawo linatembenuka, maso awo n'kukumana ndi anga.

Ndinakweza.

Anaima pa mzere wa geti. Ndinadikira chitonzo, koma sichinabwere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, manja ali lende. Kenako anagwada pa bondo lawo lodwala lija n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, zimene ndinali nditawamangira ndekha m'mawa.

Ine ndinayang'ana kutsidya kwa msewu, pafupi ndi chitseko cha sitolo, pamene mpira ukanakaima ukanati ugubuduke wokha. Panalibe kanthu. Ndinadikirabe pang'ono ndisanatsitse dzanja.